Kupezera khanda malo m'nyumba ya zipinda ziwiri

Aliyense amene waona kuti ndine woyembekezera amandiuza chinthu chimodzi: sakani nyumba yokulirapo. Amanena mwachikondi, ndipo sindiwatsutsa. Koma amene wasakako nyumba mu Blantyre muno posachedwapa akudziwa kuti mawu amenewa ndi opepuka pakamwa pokha. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lendi yakwera paliponse, ndipo eni nyumba ambiri amafuna ya miyezi itatu nthawi imodzi usanalowetse ndi mpando womwe. Pamwamba pake pali ya ejenti, ya galimoto yosamutsira katundu, komanso kusintha sukulu ya mwana pakati pa chaka. Tinakhala pansi ndi bambo a kunyumba, tinawerengetsera, n'kugwirizana kuti mwanayu atipeza muno momwemo, ku Chilomoni, m'nyumba ya zipinda zogona ziwiri ndi pabalaza.

Ndikati zipinda ziwiri musaganize patali. Chathu chimalowa bedi lalikulu ndi wadiropu, n'kutsala kanjira koti munthu adutse chammbali. Chinacho n'chaching'ono kwambiri, cha kawindo kamodzi, ndipo mwini nyumba ayenera kuti pomanga ankaganiza zosungiramo katundu. Kophikira ndi kakhumbi kakuseri. Bafa ndi chimbudzi zili panja, timagawana ndi banja lina la pa puloti pomwepa. Tilimo anthu asanu: awirife, mnyamata wathu wa zaka 8, mtsikana wathu wa zaka 3, ndi mlamu wanga, mlongo wawo wa abambo, amene ali Fomu 3. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pakhomo pamodzi m'Malawi muno pamakhala anthu 4.4 tikagawa mofanana, ndiye sitili kutali kwenikweni ndi anzathu. Ku Mbayani, ku Ndirande ndi ku Bangwe kuli mabanja aakulu kuposa lathu amene amakhala m'chipinda chimodzi cha mdadada, katani pakati, ndipo ana amakula bwinobwino. Sindikulemba modandaula ayi. Ndikulemba chifukwa ndikudziwa kuti pali mayi wina amene waima pakhomo la chipinda chake pompano, manja m'chiuno, akudzifunsa kuti wina akubwerayu agona pati.

Chimene ndaona ine n'chakuti khanda silidya malo. Malo ake ndi pambali pa mayi ake. Zovala zake zonse zimakwana musutikesi imodzi, beseni lake limapachikidwa pamsomali. Zipinda za makanda zimene timaziona pa Facebook, za penti wowala ndi kabedi kotchinga mbali zonse, n'zokongola ndithu, koma m'nyumba zambiri zimene ndalowamo kabediko kamathera kusungira zovala zochapa, mwana ali pachifuwa cha mayi ake. Achipatala amatiuza kuti miyezi 6 yoyamba mwana aziyamwa bere lokha, osampatsa ngakhale madzi, ndipo khanda limayamwa kangapo usiku. Palibe mayi amene angamadzuke kupita chipinda china ulendo uliwonse, mu Juni, kukuzizira.

Koma kugona ndi khanda kuli ndi malamulo ake, ndipo awa ndimawagwira ndi manja awiri. Ligone chagada, pa matiresi olimba osabonyoka pakati, popanda pilo, bulangete lisafike kumaso. Pakati pa bedi ndi khoma pasakhale mpata woti lingagweremo. Usagone nalo pa sofa. Munthu amene wamwa mowa kapena wosuta fodya asagone nalo bedi limodzi. Ndipo lisagone pafupi ndi mkulu wake, chifukwa mwana wa zaka zitatu akagona amazungulira bedi lonse, kuponya mwendo uku, mkono uko, osadziwa kuti wapsinja ndani. Lamulo lomalizali ndi limene lasuntha nyumba yathu yonse. Mtsikana wathu wakhala akugona pakati pathu chibadwire. Kuti iye atuluke, kachipinda kaja kayenera kutseguka. Kuti katseguke, chimanga chimene timasungamo chichoke. Ndipo titayamba kufunsa kuti aliyense agona pati, funso linakagwera pa mnyamata.

Kwathu ku Dedza funso ili silinkavuta chonchi. Mwana akasiya kuyamwa, mng'ono wake ali m'njira, ankapita kukagona kwa agogo ake kukuka, pamodzi ndi atsikana ena a pamudzi. Anyamata akasinkhuka ankaumba zidina, n'kudzimangira mphala yawo. Nyumba ya makolo inkakhala yaing'ono, koma mudzi unali ndi zipinda zambiri, ndipo mwana sankaona ngati wapirikitsidwa chifukwa ankapita kumene kuli nthano, anzake ndi mbatata yootcha. Akuluakulu ankaonetsetsanso kuti ana asabadwe mothithikana, poopa kuti wamkuluyo angatumbidwe, zomwe sizikusiyana ndi malangizo a masiku ano oti mayi adikire zaka ziwiri asanatengenso pathupi. M'tauni muno kuka kulibe, mphala kulibe. Zonse zimene mudzi unkasenza, nyumba ya lendi imodzi iyenera kuzimeza yokha.

Mnyamata wathu wakhala akugona pabalaza, monga momwe ana ambiri a m'tauni amagonera, monganso ine ndinkagonera ndili kwa azakhali anga. Kugona pabalaza ndiye kuti tulo tako tili m'manja mwa anthu ena. Umadikira alendo atsanzike, nkhani za pa TV zithe, mpira uthe, mbale zichoke, kenako tebulo likankhidwe, matiresi ayalidwe. M'mawa ndiwe woyamba kudzutsidwa chifukwa anthu akufuna kudutsa. Mabuku ako alibe pokhala. Ndipo neti yochita kumanga usiku uliwonse n'kumasula m'mawa uliwonse, tsiku lina imagona yosamangidwa, mwana atagona kale pa sofa, aliyense atatopa. Udzudzu wa malungo sudziwa kuti lero munali ndi alendo.

Pamene mwanayu ankayala pansi, chipinda chachikulu m'nyumba yonse chinali chodzaza ndi zinthu zodikira alendo. Masofa atatu, ya anthu atatu, ya awiri ndi ya mmodzi. Tebulo la pakati. Ndi kabati ya magalasi ija, yodzaza mbale, matambula ndi makapu a pa ukwati wathu, zimene timatulutsa pa Khrisimasi ndi pa ubatizo basi. Kabati imeneyi ndinaigula ndi ndalama za banki m'khonde chaka choyamba cha banja lathu, ndipo ndinkainyadira kwambiri. Inkauza aliyense wolowa kuti pano pali mayi wodziwa kusamala pakhomo. Ndikudziwa chifukwa chake amayi timazikonda, ndipo sindingaseke mnzanga amene yake akuisungabe. Koma inkatenga khoma lonse la kumpoto, ndipo nditayeza ndi tepi yanga yosokera, utali wake unangotsala pang'ono kufanana ndi bedi la munthu mmodzi.

Za kabati abambo sanavute. Pa masofa m'pamene tinakokanakokana.

"Mayi, ndiye anzathu a kumphakati akabwera kudzaona mwana, tiziwakhazika pansi?"

"Amayi akabwera amakhala pamkeka ngakhale mipando ilipo, inu simuona? Azibambo atatu akwana pa sofa yaikuluyi. Akachuluka tibwereka mipando ya pulasitiki kwa aneba."

"Anthu aziti zinthu zativuta, tayamba kugulitsa katundu."

Mawu amenewa sindinawapeputse, chifukwa ndi oona. Pamalo ngati pano katundu akamatuluka m'nyumba, anthu amafunsana kuti kwagwanji, kaya ndi katapila, kaya ntchito yatha. Mwamuna amamva manyazi amenewa kuposa mmene ife timaganizira. Ndinangowakumbutsa kuti akuluakulu anati mlendo ndi mame. Amabwera Lamlungu masana, dzuwa likamapendeka wapita, koma mwana wathu amagona muno usiku uliwonse. Anakhala chete, tsikulo nkhani inathera pomwepo. Patapita masiku anabwera okha ndi nzeru yabwino kuposa yanga: masofa awiri aang'onowo asagulitsidwe, apite kwa achimwene awo ku Machinjiri amene angomaliza kumanga ndipo pabalaza pawo m'popanda kanthu. Tikadzapeza nyumba yaikulu tidzakatenga. Kabati yokha ndiyo inagulitsidwa, mbale zake tinazikulunga m'manyuzipepala n'kuziika m'katoni pamwamba pa wadiropu, ndipo ndalama yake ndi imene inalipira kalipentala.

Kalipentala wake ndi wa m'dera mwathu momwemuno, bambo wachikulire wosathamangira kutchula mtengo asanaone malo. Anabwera ndi tepi ndi pensulo kukhutu, n'kuima m'kachipinda muja nthawi ndithu akuyang'ana kudenga.

"Mayi, bedi losanjikiza lilowa, koma tidzalilumikizira mkati momwemuno. Pakhomo apa silingadutse. Ndipo ndimanga ndi mabawuti, osati misomali, kuti tsiku losamuka mudzangomasula."

Za mabawutizi ine sindikanaziganiza, ndipo aliyense wokhala nyumba ya lendi azimve. Anatilangiza matabwa a paini, opepuka ndi otsikirapo mtengo. Mbawa ndi mlombwa n'zokongola koma si za thumba lathu. Anayeza kuti wogona pamwamba akakhala tsonga asagunde mutu ku malata, popeza nyumbayi ilibe siling'i ndipo mu Okutobala malata amaotcha. Pamwambapo anaika thabwa lotchinga m'mbali. Ine ndinapempha chinthu chimodzi: mizati inayi ya bedilo ipitirire m'mwamba kuti neti izimangidwa pa bedi pomwepo, osakhoma misomali pakhoma la eni ake, ndipo yapansi ikhale ndi timisomali take pansi pa bedi lapamwamba. Aliyense neti yakeyake, yopisira kunsi kwa matiresi. Pamwamba pamagona mlamu wanga. Mwana wosakwana zaka 6 sayenera kugona pamwamba, ndiye mtsikana wathu ali pansi.

Ena anatiuza kuti bwanji mnyamata angokwera pamwamba, mlamu ndi kamtsikana agone pansi, nkhani ithe. Sindinalole. Mlamu wanga ndi namwali, akufunika povalira ndi posungira zinthu zake popanda maso a mwana wamwamuna, ndipo mnyamatayo akukula. Ulemu wa pakati pawo ndi wofunika kuposa kusunga sofa. Choncho pamene panali kabati pali bedi la mnyamata tsopano, kabokosi ka zovala kunsi kwake, kashelefu ka mabuku kumutu, neti yosamasulidwa, ndi katani yokhuthala imene ndinasoka ndekha, yoyenda pawaya. Nthawi yake yogona ikakwana amalowa n'kukoka katani, ngakhale pabalaza pali anthu. TV timatsitsa. Tsiku loyamba anaitana mnzake wa nyumba yoyandikana kuti adzaone, n'kumuuza kuti avule nsapato asanalowe kuchipinda kwake.

Chimanga ndicho chinatidyera mutu, chifukwa chimabwera nthawi yomweyo imene mwana akubwera. Timalima kumudzi, mayi anga ndi amene amayang'anira, ndipo chaka chilichonse matumba a makilogalamu 50 amafika cha mu Meyi kapena Juni n'kusanjidwa m'kachipinda muja, atathiridwa Actellic. Mankhwala ophera anankafumbwe si oti mwana wamng'ono azigona moyandikana nawo, ndipo kumene kuli chimanga makoswe sachedwa. Chaka chino chambiri chitsala kwa mayi, tizitumiza thumba limodzi kapena awiri. Amene ali muno tawaika m'matumba a PICS, aja a mapulasitiki awiri mkati ndi saka kunja. Ukamanga bwino mpweya sulowa, tizilombo timafa tokha popanda mankhwala. Chofunika n'kuwakhazika pa matabwa, osagunda khoma, chifukwa khoswe akangoboola ndiye kuti thumba latha ntchito. Ali kuseri kwa chitseko cha pabalaza, ndaphimbapo chitenje.

Koma ntchito yeniyeni sinali ya matabwa kapena matumba. Inali ya kamtsikana kaja.

Tinayamba kumusamutsa mimba isanaonekere kwenikweni, dala, kuti asadzagwirizanitse kuchoka kwake ndi kubwera kwa mng'ono wake. Poyamba anagona pa matiresi aang'ono pansi, pambali pa bedi lathu, dzanja langa likumufikira. Atazolowera m'pamene anapita kwa anti ake. Masiku oyamba ankadzuka pakati pa usiku n'kubwera akulira, akukoka bulangete lake. Bambo ake ankamunyamula, kumubweza, kukhala naye m'mphepete mwa bedi mpaka agone. Ine mtima unkandiwawa, ndipo usiku wina ndinkangomulandira, chifukwa mwana wa zaka zitatu ndi mwana ndithu. Anayambiranso kukodza pogona, chinthu chimene anali atasiya. Sitinamukalipire. Tinayala pulasitiki kunsi kwa nsalu, ndipo zinatha zokha. Ndinamupatsa chitenje changa chakale, chimene ndinkamuberekera, kuti azifunda. Mlamu wanga, amene sanapemphe kuti akhale mlezi pamene ali ndi mayeso ake, wapirira zambiri, ndipo ndinamugulira nyale ya sola yopanira pa thabwa kuti aziwerenga pamwamba pake osadzutsa mwana.

Pali nthabwala ina imene akuluakulu timakonda ndipo ine ndimadana nayo. Munthu amamuona mwana n'kunena kuti, "Iwe zako zada, kukubwera wina, amayi ako sakufunanso." Anthu amaseka, mwana amangoti maso tong'o. Iye sadziwa kuti ndi nthabwala. Amene wachotsedwa pabedi la mayi ake, mawu amenewa amawatenga ngati umboni. Ndawapempha aneba ndi achibale, mwaulemu, kuti asamanene. Sindinamuuzenso zoti amayi akagula mwana kuchipatala monga ife tinkauzidwira. Ndinamugwiritsa pamimba mwana akusuntha, n'kumuuza kuti mng'ono wake ali umu. Anafunsa kuti, "Amama, ndiye azigona pati?" Ndinamuonetsa. Anayang'ana malowo, kenako anati akakula adzabwere agone kwa iye ndi anti, koma asadzakwere pamwamba chifukwa ndi wamng'ono.

Mayi anga akubwera kudzandidikirira, ndipo kubwera kwawo kuli ndi masamu akeake. Pafoni funso lawo loyamba silinali la iwo eni. "Nanga apongozi angawo azigona kuti, mwanawe?" Pa mwambo wathu masiku a chikuta, mpaka mchombo utagwa, mayi ndi khanda amakhala m'chipinda ndi amene akuwasamala, bambo amagona kwina. M'tauni ambiri anasiya, ndipo sindiwaweruza. Ife tasankha kusunga, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa masiku oyambawo ndimafuna mayi anga pafupi usiku, ndipo iwo sangamasuke mwanjira ina. Mchombo umagwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Nthawi imeneyo abambo agona pabalaza pafupi ndi mwana wawo, kenako mayi anga adzasamukira kukachipinda, pabedi lapansi ndi mdzukulu wawo. Chiyambire 2021 lamulo la ntchito limapatsa abambo tchuthi cha masabata awiri mkazi akachira, ndiye adzakhala ali pakhomo, kutunga madzi ndi kuperekeza mnyamata kusukulu.

Chovuta n'chakuti mayi anga ndi a kale. Sadya pamodzi ndi mkamwini, sakhala naye chipinda chimodzi nthawi yaitali, akakumana pakhomo amapatuka. M'mudzi zimatheka chifukwa bwalo ndi lalikulu. Muno khomo ndi limodzi, njira ya kubafa ndi imodzi. Abambo anakhoma benchi pakhonde kuti madzulo azikhala kumeneko ndi wailesi yawo, mayi apeze mpata wotambasula miyendo pamkeka. Palibe amene anawauza. Ndinangoona benchi.

Mayi anandiuzanso kuti zovala za mwana ndisaziyanike poyera kapena kuzionetsa kwa anthu asanabadwe. Pa ichi sindilimbana nawo. Amayi a msinkhu wawo anaona zambiri, ndipo kusalankhula kwawo kuli ndi chifukwa. Koma kubisa si kusakonzeka. Chikwama chili kunsi kwa bedi, chotseka: zitenje zochapa, pulasitiki yakuda, lezala latsopano, ulusi, tochi, kachipewa ndi timasokosi, buku la sikelo pamwamba. Beseni lili pambali pake. Ndalama ya galimoto ya usiku ili payokha, ndipo nambala ya dalaivala ili m'mafoni a tonse atatu akuluakulu.

Mwanayu akubwera nyengo ya chiperoni, ndipo Blantyre ya mu Juni ndi Julayi imazizira mpaka m'mafupa. Apa m'pamene nyumba yaing'ono imaopsa. Mbaula isalowe m'chipinda chogona, zivute zitani. Makala akamayaka motseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umagoneka anthu osadzukanso, ndipo khanda ndilo limayamba. Ndanena izi kwa mlamu, kwa abambo, ndipo ndidzanenanso kwa mayi, amene ndikudziwa kuti adzafuna kundifunditsa chipinda. Khanda limafunda ndi thupi la mayi ake, khungu kukhungu, kachipewa kumutu. Kandulo pafupi ndi neti ayi. Magetsi akazima tili ndi nyale za sola. Ndowa za madzi zimene zinkakhala m'kanjira tazitulutsa kukakhumbi, chilichonse ndi chivundikiro chake, chifukwa miyezi sichedwa, ndipo mwana wokwawa amatha kumira m'madzi ochepa kwambiri.

Chatsala ndi matewera. Otaya aja tidzagwiritsa ntchito usiku ndi popita kusikelo, koma masana ndi ansalu, ndipo chiperoni chikagwa nsalu siuma ngakhale itakhala pachingwe tsiku lonse. Waya wa panja timagawana ndi banja linalo, ndipo mayi wa kumeneko, amene analera ana ake pa puloti pomwepa, anandiuza yekha kuti m'mawa wonse ndi wanga, iye azichapa masana. Loweruka lino abambo akumanga waya wina kunsi kwa denga la khonde, kumene mvula yowaza sifika. Chilichonse choyanikidwa panja chizisitidwa chisanafike pathupi la mwana, kuopa mphutsi zija za ntchentche zimene zimaikira mazira pa zovala zonyowa.

Makina anga osokera okha ndiwo sanasunthe, chifukwa ndi amene amagula ndiwo pakhomo pano. Ali pawindo la pabalaza pomwe akhala nthawi yonse. Chasintha n'chakuti makasitomala ndikuwayezera pakhonde tsopano, kuti m'nyumba musamalowe anthu ambiri mwana akadzabadwa. Wodzilemba yekha ntchito alibe tchuthi cholipidwa, ndiye ndawauza amayi onse amene amandisoketsa mayunifolomu a mu Seputembala kuti abweretseretu nsalu ndi ana awo mwezi uno, ndidule ndi kusoka ndikadali ndi mphamvu zopalasa makina.